Ulendo wa kumwera ndi ana athu: kumene anthu anaphunzira kusabwezera

Lamulungu, pamsewu wa ku Nashville

Tanyamuka ku South Bend titangoweruka ku mapemphero, ana a sekondale ndi akuluakulu ochepa owayang'anira. Makolo a ana onsewa ndi Amalawi, koma ambiri mwa anawa anabadwira konkuno ku Indiana. Chichewa amamva bwinobwino, kuyankha amayankha m'Chingerezi, ndiye zimene azinena pa ulendowu ndizikulemberani m'chinenero chathu. Ine ndi amene ndimawaphunzitsa mbiri Loweruka, ntchito imene ndinkagwiranso kumudzi ndisanabwere kuno.

Tisanakwere galimoto ndinawafunsa zimene akudziwa za nkhondo yolimbana ndi tsankho kuno ku America. Mayankho anali omwewo amene ndimamva chaka ndi chaka: Rosa Parks anatopa nakana kuimirira m'basi, Martin Luther King analankhula ku Washington, kenako malamulo anasintha. Nkhani yofotokozedwa motere siikwiyitsa munthu aliyense, komanso siphunzitsa mwana kanthu. Imabisa chinthu chimene ndikufuna anawa akaone ndi maso awo, chakuti kusabwezera kunali luso. Anthu ankaliphunzira, ankaliyeserera miyezi yambiri, ndipo ambiri mwa iwo anali amsinkhu wa ana amene ndili nawo m'galimotomu.

Mnyamata wina wa zaka 16, wamtali kuposa tonse, sanachedwe. "Ankolo, munthu akukulavulira iwe n'kungokhala phee, si mantha amenewo?" Ndamuuza kuti funso lakelo alisunge mpaka Lachiwiri madzulo.

Ku Louisville tawoloka mtsinje wa Ohio dzuwa likupendeka. Kale mtsinje umenewu unali malire: tsidya la Kentucky kunali ukapolo, tsidya la Indiana kunalibe. Tafika ku Nashville usiku, tabweza mawotchi ola limodzi.

Lolemba, Nashville

Tayambira ku laibulale yaikulu ya mzindawu, mmene muli chipinda cha mbiri ya ufulu wa anthu akuda. Pakati pa chipindacho anamangapo kauntala yozungulira yokhala ndi mipando, kukumbukira makauntala odyerapo a m'masitolo a nthawi imeneyo. Ana anathamangira kukhala pamipando ija osauzidwa. Pamwamba pa kauntalayo analembapo malamulo amene ophunzira a 1960 ankatsatira, amene awiri mwa ophunzirawo, John Lewis ndi Bernard Lafayette, anakonza n'kusindikiza. Ndinapempha mtsikana mmodzi kuti awerenge mokweza. Usabwezere kapena kutukwana ukachitidwa chipongwe. Usaseke. Usachoke pampando mtsogoleri asanakuuze. Usatseke khomo kapena njira ya ogula ena. Khala mowongoka, nkhope kukauntala. Sonyeza ulemu nthawi zonse. Wofunsa mafunso mutumize kwa mtsogoleri. Lomaliza likuti ukumbukire chiphunzitso cha Yesu, Gandhi ndi Martin Luther King.

Tinakhalitsa pa lamulo la kuseka. Mtsikana wina anati munthu akagwidwa mantha nthawi zina amaseka osafuna, ndipo mdani angaone ngati ukumunyoza. Ndinasangalala nalo yankho limeneli chifukwa mwanayo anali atayamba kudziika pampandopo yekha.

Ndinawafotokozera mmene zinthu zinalili. Munthu wakuda ankaloledwa kulowa m'sitolo ngati Woolworth n'kugula sopo, nsalu, makope, chilichonse. Ndalama yake ankailandira ndi manja awiri. Koma kukhala pansi pakauntala ya m'sitolo yomweyo kuti amwe khofi, ayi. Mayi wina wachikulire wa m'gulu lathu anakumbukira zimene bambo awo, amene anagwirapo ntchito ku migodi ya Copperbelt, ankasimba: m'mabutchala a azungu munthu wakuda sankalowa pakhomo, ankagulira pakawindo kumbali. Ana anamvetsera ali chete, poti sankadziwa kuti agogo awo eni anakumana nazo zoterezi.

Anthu ambiri amadziwa za anyamata anayi a ku Greensboro amene anakhala pakauntala pa 1 Febuluwale 1960. A ku Nashville anayamba pa 13 Febuluwale, ophunzira 124, koma iwo anali atakonzekera kuyambira chaka chapitacho, ndipo kumapeto kwa 1959 anali atayesako kale m'masitolo a Harvey's ndi Cain-Sloan, kungokhala, kukanizidwa, n'kutuluka mwaulemu kuti akakambirane zimene aona. Pa 27 Febuluwale ndi pamene zinavuta. Achinyamata achizungu analowa n'kuyamba kuwagwetsa pamipando, kuwamenya, kuwazimitsira ndudu pamsana. Apolisi atabwera anamanga ophunzira 81, omenya aja osakhudzidwa n'mmodzi yemwe. Chimene chinasokoneza apolisi n'chakuti akangochotsa gulu limodzi, gulu lina limene linali kudikira linkabwera n'kukhala pamipando yomweyo. John Lewis anali atangokwanitsa zaka 20 masiku ochepa m'mbuyomo. Atawalamula kulipira chindapusa cha madola 50 aliyense, ambiri anakana, nasankha kukagwira ukaidi, ponena kuti kulipira n'kuvomereza kuti kumangidwa kwawo kunali kolondola.

Tayenda wapansi mumsewu umene unali masitolowo. Tsopano ukutchedwa Rep. John Lewis Way. Kenako tafika pabwalo la khoti, pamene pa 19 Epulo 1960 anthu masauzande anafika atayenda kuchokera kudera la makoleji a anthu akuda osalankhula, osaimba, kumangomveka nsapato zokha. M'mawa wa tsikulo nyumba ya loya wawo, Z. Alexander Looby, inali itaphulitsidwa ndi bomba. Pamasitepe amenewa Diane Nash, mtsikana wa zaka 21 wophunzira ku yunivesite ya Fisk, anafunsa meya Ben West pamaso pa onse ngati iyeyo monga munthu akuona kuti n'kolondola kusala munthu chifukwa cha khungu. Meya anavomera kuti n'kulakwa, navomeranso kuti makauntala atsegulidwe kwa onse. Pa 10 Meyi masitolo 6 anayamba kugulitsa chakudya kwa anthu akuda. Ndinakumbutsa anawo kuti si funso lokhalo limene linagonjetsa eni masitolo. Anthu akuda a mumzindawu anali atanyanyala kugula m'tauni nyengo yonse ya Pasaka, ndipo matumba a amalonda anali atapepuka.

Lachiwiri, Nashville

M'mawa tapita kudera la Jefferson Street kumene kuli Fisk University ndi Meharry Medical College. Pa Meharry ndinaima pang'ono. Pano ndi pamene Kamuzu Banda anamaliza maphunziro ake a udokotala mu 1937, mumzinda umene munthu wakuda sankaloledwa kudya pamodzi ndi mzungu. Nyumba ya Looby inali moyang'anizana ndi koleji imeneyi, ndipo bomba lija linaswa mawindo 147 a pakolejipo. Looby ndi mkazi wake anapulumuka chifukwa ankagona chipinda cha kumbuyo.

Pafupi pomwepo pali tchalitchi chaching'ono cha njerwa cha Clark Memorial. Munthu wosadziwa angachidutse. M'chipinda chapansi cha tchalitchi chimenechi ndi mmene James Lawson ankasonkhanitsa ophunzira Lachiwiri madzulo mu 1959. Lawson anali mbusa wachinyamata wa mpingo wa Methodist. Anakhalapo m'ndende chifukwa chokana kupita ku nkhondo ya ku Korea, kenako anakaphunzitsa zaka 3 ku Nagpur ku India, kumene anazama pa njira za Gandhi. King ndi amene anamuchonderera kuti abwere kumwera msanga. Lawson sanayambe ndi kutumiza ana kumisewu. Anayamba ndi kuwerenga ndi kukambirana, masabata ndi masabata, mpaka ena ankatopa nazo. Kenako anayamba sewero: ena akhale pamipando, ena akhale ovutitsa. Ankatukwanidwa, kuuzirizidwa utsi wa fodya kumaso, kukankhidwa, kugwetsedwa pansi. Ankaphunzira kudzipinda kuti ateteze mutu ndi mimba, kuphimba mnzawo amene akumenyedwa, ndi kuyang'ana womenyayo m'maso kuti asaiwale kuti akumenya munthu. Zinali ngati kwaya imene imabwereza nyimbo imodzi mpaka pakamwa pazolowere, kuti tsiku la chikondwerero mantha akagwira, mawu azituluka okha. Vanderbilt University, kumene ankaphunzira, inamuchotsa sukulu Lawson mu Malichi 1960 chifukwa cha ntchito imeneyi. Anamwalira mu 2024.

Madzulo tinabwereka holo kutchalitchi chimene chatisunga. Ndinali nditagwirizana kale ndi makolo pa mfundo zingapo: palibe mwana wokakamizidwa, palibe mawu otukwana mtundu wa munthu, ndipo ovutitsa tikhale ife akuluakulu, chifukwa sindikufuna mwana aphunzire kukoma kwa kuzunza mnzake. Tinandandalika mipando kuyang'ana kukhoma. Lamulo linali lakuti akhale mphindi 5, manja pamaondo, osatembenuka.

Mnyamata wa funso uja anadzipereka woyamba. Ndinaimirira kumbuyo kwake n'kuomba m'manja pafupi ndi khutu lake. Anadzidzimuka, koma anakhala. Bambo wina anayamba kumunena kuti ndi wamantha, wopanda pake, abwerere kwawo. Mayi wina anamuvula chipewa n'kuchiponya pansi. Ndinkaona khosi lake kuchokera kumbuyo, mitsempha itaima, mapewa akukwera pang'onopang'ono. Manja aja anachoka pamaondo n'kukunga zibakera, zala zikuloza m'kati mpaka zikhadabo kulowa m'chikhato. Mwendo wakumanja unali njenjenje. Bambo uja atangogwedeza mpando, mnyamatayo anadzambatuka n'kutembenuka, chibakera chili m'mwamba. Anachigwira chisanafike. Anayang'ana wotchi: panali patangodutsa mphindi ziwiri zokha. Anakhala pansi, thukuta lili kamukamu, osanena kanthu nthawi yaitali. Pambuyo pake anati, "Ankolo, komatu inu ndimakudziwani, ndipo ndimadziwa kuti simundimenya."

Mtsikana wamng'ono pa onse, amene salankhulalankhula, ndi amene anamaliza mphindi zonse. Titamufunsa anati ankawerenga njerwa za pakhoma ndi kumvetsera kupuma kwa mnzake wa pambali pake.

Ena atatu anakana kuyesa, ndipo ndinawayamikira pamaso pa anzawo. Ku Nashville amene ankadziwa kuti akhoza kubwezera sankamuika pakauntala. Ankapatsidwa ntchito ina: kuyendetsa galimoto, kuima pakona kuonerera n'kukaimba foni kutchalitchi, kulemba mayina a omangidwa. Munthu mmodzi wobwezera akanaononga ntchito ya onse, ndiye kunena zoona za mtima wako kunali mbali ya mwambo womwewo.

Lachitatu, Birmingham

Lero linali tsiku lolemera. Tchalitchi cha Sixteenth Street Baptist, paki ya Kelly Ingram ndi Birmingham Civil Rights Institute zonse zili pamphambano imodzi, ndiye munthu umangowoloka msewu.

Mu Epulo 1963 zionetsero za mumzinda uno zinali zikuzilala. King anamangidwa Lachisanu Loyera, pa 12 Epulo, nalemba kalata yake yotchuka ali m'ndende, koma akuluakulu odzipereka kukamangidwa ankachepa, poti womangidwa ankataya ntchito, mwinanso nyumba. James Bevel, mmodzi wa ophunzira a Lawson a ku Nashville, ndi amene anati aitane ana a sukulu. Sanangowamemeza. Ankawasonkhanitsa akaweruka n'kuwaphunzitsa, kuwaonetsa filimu ya zimene zinachitika ku Nashville, ndi kuwauza kuti asatenge mpeni kapena chida chilichonse. Pa 2 Meyi ana anatuluka m'makalasi, ena kudzera pawindo, n'kusonkhana m'tchalitchi chimenechi. Ankatuluka m'magulu a anthu 50, akuimba. Tsiku limenelo lokha anamangidwa oposa 600, mpaka apolisi anachita kubweretsa mabasi a sukulu oti awanyamulire. M'mawa mwake mkulu woyang'anira apolisi ndi ozimitsa moto, Bull Connor, analamula kuti awathire madzi a m'mapaipi ozimitsira moto ndi kuwakhwirizira agalu. Madziwo anali ndi mphamvu yosenda makungwa a mitengo.

M'pakimo muli kanjira kamene kamadutsa pakati pa makoma awiri, ndipo m'makomamo mukutuluka agalu achitsulo, mano ali pamtunda, atadumphira m'kati mwa njira. Mpata wake ndi wochepa moti umachita kupendeketsa mapewa. Ana anadutsa mmodzimmodzi. Mtsikana wina anaima pakhomo pake nthawi ndithu, kenako anagwira dzanja la mnzake n'kudutsa atatsinzina.

Titakhala pansi pamthunzi, mayi amene ali ndi ana awiri pa ulendowu anati, "Aphunzitsi, ine wanga sindikanamulola. Mwana wa zaka 10 kukagona m'ndende?" Sindinawatsutse. Makolo ambiri a ku Birmingham anakana chimodzimodzi, ndipo Malcolm X, mtsogoleri wina wa anthu akuda, anadzudzula poyera kuika ana patsogolo. Mwana wawo wamkazi ndi amene anayankha, mwaulemu: "Amayi, koma tsankholo linkawapeza kale anawo, kusukulu, m'basi, paliponse. Sanawafunse zaka." Ine maganizo anga ndi akuti onse awiri akunena zoona, ndipo mphunzitsi amene amabisa mantha a makolo aja kuti nkhani ikome akunamiza ana. Chimene ndinawonjezera n'chakuti ana ophunzitsidwa aja anasunga mwambo. Amene anayamba kugenda miyala ndi mabotolo anali oonerera m'mbali, ndipo tsiku lina Bevel anachita kubwereka chimkuzamawu cha wapolisi kuwapempha kuti abalalike. Pofika pa 10 Meyi, ndende zitadzaza, amalonda a mumzinda anavomera kuchotsa tsankho m'masitolo awo. Akuluakulu a maphunziro anachotsa sukulu ana oposa 1,000, koma khoti linalamula kuti abwerere.

M'tchalitchi tinatsikira kuchipinda chapansi. Pa 15 Sepitembala 1963, Lamulungu m'mawa nthawi ya 10:22, bomba la a Ku Klux Klan, gulu la azungu atsankho, linapha atsikana anayi amene ankakonzekera mapemphero: Addie Mae Collins, Cynthia Wesley ndi Carole Robertson a zaka 14, ndi Denise McNair wa zaka 11. Woyamba mwa ophawo anaweruzidwa mu 1977, ena awiri mu 2001 ndi 2002. Ndinapempha ana kuti awerengetse okha zaka zimene makolo a atsikanawo anadikira. Kumtunda kuli windo la magalasi amitundumitundu losonyeza Yesu wakuda, mphatso imene anthu wamba a ku Wales anasonkha ndalama zake.

Lamulo lothetsa tsankho m'malo a anthu onse linasainidwa pa 2 Julayi 1964. Patangopita masiku 4, pa 6 Julayi, Malawi analandira ufulu wodzilamulira. M'galimoto madzulo ano munalibe nyimbo, ndipo chakudya chambiri chabwerera m'mapoto.

Lachinayi, Montgomery

Ku Rosa Parks Museum, imene inamangidwa pamalo pamene mayiyu anamangidwira pa 1 Disembala 1955, nkhani ya kutopa ija inatha yokha. Anali mlembi wa NAACP, bungwe lomenyera ufulu wa anthu akuda, mumzindamu kwa zaka zambiri, ndipo miyezi ingapo m'mbuyomo anali atachita nawo maphunziro ku Highlander Folk School, sukulu yophunzitsa omenyera ufulu ku Tennessee. Atsikana athu anakondwa kwambiri kumva za Claudette Colvin, wa zaka 15, amene anakana kupereka mpando wake pa 2 Malichi chaka chomwecho, ndipo pambuyo pake anali mmodzi wa amayi anayi amene mlandu wawo, Browder v. Gayle, unathetsa tsankho m'mabasi.

Ndinawagawa m'magulu n'kuwapatsa funso limodzi: anthu masauzande ambiri asiya kukwera basi, koma ayenera kufika kuntchito m'mawa uliwonse kwa masiku 381. Muchita bwanji? Anakangana kwambiri. Kenako tinayerekeza ndi zimene zinachitikadi. Jo Ann Robinson, mphunzitsi wa ku Alabama State College, anachezera usiku kusindikiza timapepala toposa 30,000 tomemeza anthu. Panakonzedwa magalimoto pafupifupi 300 onyamulana, okhala ndi malo ake okwerera ndi nthawi yake. Makampani a inshulansi atakana magalimoto a matchalitchi, inshulansi inakapezeka ku Lloyd's ya ku London. Georgia Gilmore, mayi wophika, anasonkhanitsa amayi anzake kuphika ndi kugulitsa zakudya kuti papezeke ndalama ya mafuta. Ena ambiri ankangoyenda wapansi, mvula ndi dzuwa. Palibe gulu la ana athu limene linaganizira za inshulansi kapena za mafuta.

Masana tinapita kunyumba ya abusa a tchalitchi cha Dexter Avenue kumene King ankakhala. Pakhonde pakuonekabe chibowo cha bomba la pa 30 Januwale 1956, mkazi wake ndi khanda ali m'nyumba. Usiku umenewo khamu lokwiya linasonkhana, ena ali ndi zida, ndipo King, wa zaka 27, anawapempha kuti abwerere kwawo mwamtendere. Ndinawauzanso chinthu chimene mabuku a ana amasiya: m'masiku amenewo panyumbapo panali alonda a mfuti, ndipo King anafunsira chilolezo chonyamula mfuti, n'kukanizidwa. Alangizi a kusabwezera ngati Bayard Rustin ndi Glenn Smiley ndi amene anakambirana naye mpaka mfutizo zinachotsedwa.

Mnyamata wamtali uja maso anawala. "Ndiye naye ankaganiza ngati ine!" Eya, ndinatero, nayenso anachita kuphunzira. Iye sanagonje. Anati zimenezi zinatheka chifukwa panali makamera ndi makhoti amene pamapeto pake anamva; nanga kumudzi kumene kunalibe mtolankhani? Limeneli ndi funso la munthu amene akuganiza. Ndinamuuza za Deacons for Defense a ku Louisiana, amuna akuda amene kuyambira 1964 ankalondera ndi mfuti anthu ochita zionetsero zabata, ndipo ndinamupatsa ntchito yoti akawerenge n'kudzatifotokozera tonse. Sindikufuna ophunzira ongovomereza.

Khoti lalikulu la dziko litagamula mu Novembala 1956 kuti tsankho la m'mabasi lithe, anthu a ku Montgomery anandandalika mipando m'matchalitchi ngati ya m'basi n'kuyeserera kakhalidwe ka tsiku lobwerera: osadzitama, osabwezera, wokankhidwa asakankhe. Ngakhale kupambana anachita kukukonzekera.

Lachisanu, Selma

Kuchokera ku Montgomery ndi makilomita 87, mtunda womwe anthu anayenda wapansi kuyambira pa 21 mpaka pa 25 Malichi 1965. Panjira tinaima ku Lowndes County, kumene mabanja amene analembetsa kuvota anathamangitsidwa paminda ya azungu n'kukakhala m'matenti.

Ku Selma mtima wanga unali pa aphunzitsi anzanga. Dera la Dallas County, mmene muli Selma, linali ndi anthu akuda pafupifupi 15,000 a msinkhu wovota, koma olembetsedwa anali ngati 300 okha. Aphunzitsi anali anthu olemekezeka pakati pa akuda, komanso amantha kwambiri, poti owalemba ntchito anali azungu. Pa 22 Januwale 1965 aphunzitsi oposa 100, motsogozedwa ndi mbusa Frederick Reese amene analinso mphunzitsi, anavala zovala zawo zabwino, natenga miswachi pokonzekera kugona m'ndende, n'kuyenda awiriawiri kupita kukhoti kukalembetsa. Mkulu wa apolisi a derali, Jim Clark, anawakankha ndi chibonga kuwatsitsa pamasitepe, iwo n'kukweranso. Ana awo a sukulu anali m'mbali mwa msewu akuonerera, ndipo aphunzitsiwo atabwerera kutchalitchi cha Brown Chapel anawalandira ndi m'manja. Zitatero magulu ena a ntchito anayamba kutuluka nawonso. Ndinaima pamasitepe amenewo ndikudzifunsa chimene ana amene ndinawaphunzitsa kumudzi anaona ine ndikuchita, kupatula kulemba pabolodi.

Mlatho wa Edmund Pettus tinawoloka wapansi, awiriawiri, osalankhula, monga anachitira anthu 600 pa 7 Malichi 1965 podandaula za imfa ya Jimmie Lee Jackson, mnyamata wakuda amene wapolisi anamuombera pa zionetsero ku Marion. Mlathowu ndi wokwera pakati, ndiye uli kumunsi suona za kutsidya. Ukafika pamwamba m'pamene msewu wonse umaonekera, ndipo apa ndi pamene John Lewis ndi Hosea Williams anaona apolisi atandanda kutsogolo kwawo, ena atakwera mahatchi. Pansi pali mtsinje wa Alabama, kutali ndithu. Ana anasuzumira pazitsulo za m'mbali n'kubwerera m'mbuyo. Anthu aja anapitirira kutsika. Anapatsidwa mphindi ziwiri kuti abalalike, koma zisanathe anayamba kumenyedwa ndi zibonga ndi kuponyeredwa utsi wokhetsa misozi. Lewis anasweka chigaza, Amelia Boynton anakomoka pamsewu. Usiku womwewo dziko lonse linaona pa wailesi yakanema. Lamulo loteteza ufulu wovota linasainidwa pa 6 Ogasiti chaka chomwecho, koma James Reeb ndi Viola Liuzzo, azungu amene anabwera kudzathandiza, anali ataphedwa.

Kutsidya mnyamata uja anandipeza pandekha. "Ankolo, Lewis ameneyu ndi yemwe uja wa malamulo a pakauntala?" Yemweyo. Anawerenga pa zala kuchokera 1959 kufika 1965, n'kugwedeza mutu.

Loweruka, Memphis

Tafika mochedwa usiku, ndipo m'mawa uno tapita ku National Civil Rights Museum, imene inamangidwa pa Lorraine Motel. Aliyense amathamangira kukaona chipinda 306 ndi khonde pamene King anawomberedwa pa 4 Epulo 1968 ali ndi zaka 39. Ife tinayambira pa chimene chinamubweretsa kuno. Pa 1 Febuluwale chaka chimenecho Echol Cole ndi Robert Walker, ogwira ntchito yotola zinyalala, anabisala mvula kumbuyo kwa galimoto ya zinyalala, makina ake n'kuwaphwanya. Anzawo pafupifupi 1,300 ananyanyala ntchito kuyambira pa 12 Febuluwale.

Ndinawaimika anawo pa tsiku la 28 Malichi. Tsiku limenelo King anatsogolera ulendo umene anthu ake sanaukonze okha, ndipo munalowa achinyamata ambiri amene sanaphunzitsidwepo. Ena anathyola mitengo ya zikwangwani n'kuyamba kuswa mawindo a masitolo. Apolisi anapezerapo mpata womenya aliyense, mnyamata wa zaka 16, Larry Payne, anawomberedwa n'kufa, ndipo manyuzipepala anaiwala za otola zinyalala n'kumangolemba za mawindo. Akuluakulu a m'gulu lathu anayang'anana, chifukwa zionetsero zoyamba bwino n'kuthera m'kuswa masitolo tinaziona kwathu, ndipo pa 20 Julayi 2011 tinataya anthu. King anabwereranso ku Memphis kudzakonza ulendo wina wabata, ndipo ndi pa ulendo wobwererawo pamene anaphedwa.

Ulendo umene ankakonzawo unachitika pa 8 Epulo, motsogozedwa ndi mkazi wake, Coretta Scott King, anthu masauzande makumi angapo akuyenda mwakachetechete, oyang'anira mwambo ali m'mbali. Pa 16 Epulo khonsolo ya mzinda inavomera kuzindikira bungwe la ogwira ntchitowo ndi kuwakwezera malipiro ndi masenti 10 pa ola, kenako masenti 5 ena pambuyo pake.

Madzulo ano mwana aliyense wasankha mzinda umodzi umene akaphunzitse ang'ono ake a pulayimale tikabwerera, ndipo atatu akulimbirana Birmingham. Mawa tinyamuka mbandakucha, ndi ulendo wa tsiku lathunthu.